Tifunseni za Umoyo: Khanda likamva ululu, ubongo wake umatani?

Mwezi uno makalata angapo abwera pa nkhani imodzi ndiye ndangowaika pamodzi. Ena ndawadulako chifukwa malo ndi ochepa, ndipo mayina sitilemba monga mwa nthawi zonse.

FUNSO: Adokotala, ine ndabereka mwana wa miyezi 7, panopa tili ku nazale sabata yachiwiri. Tsiku lililonse amamubaya kuchidendene kuti aone shuga, pena kawiri pena katatu, dripi nayo ikatuluka amayambanso kusaka mtsempha mpaka pamutu anamumetapo. Mwana wake ndi wochepetsetsa moti salira nkomwe amangokwinya nkhope kenako zii. Apongozi akuti ndisadandaule khanda silimva kuwawa ndipo olo litamva limaiwala. Koma mtima wanga sukuvomera. Kodi zobayabayazi sizimusokoneza mutu akadzakula? Mayi wa mwana woyamba, Lilongwe

YANKHO: Mayi, pepani kwambiri, ndipo mtima wanuwo ukunena zoona, mwanayo akumva. Koma apongozi anu musawatenge ngati osadziwa zinthu ayi, chifukwa zomwe akunenazo ndi zomwe madokotala akuluakulu a ku Ulaya ndi ku America ankaphunzitsana mpaka cha m'ma 1980 momwemu. Ankati mitsempha ya khanda ndi yosakhwima ndiye uthenga wa ululu sufika ku ubongo, komanso ankaopa kuti mankhwala ogonetsa akhoza kulipha. Mapeto ake makanda ambiri ankawang'amba atangowapatsa mankhwala ofooketsa minofu kuti asaphiriphithe patebulo, basi.

Mu 1985 ku Washington mwana wina wobadwa masiku asanakwane, Jeffrey Lawson, anamupanga opaleshoni yomanga kamtsempha ka pafupi ndi mtima atangomupatsa pancuronium, mankhwala omwe amangochititsa kuti thupi lisagwedere koma ululu samauchotsa olo pang'ono. Mwanayo anamwalira patapita masabata 5. Mayi ake, Jill Lawson, atazindikira zomwe zinachitika sanakhale chete, anayenda m'maofesi, analemba makalata mpaka nkhaniyo inatuluka mu nyuzipepala anthu nkuyamba kufunsa. Nthawi yomweyo ku Oxford ku England dokotala wachinyamata wochokera ku India, Kanwaljeet Anand, anali akuyeza magazi a makanda opangidwa opaleshoni ya mtundu womwewo. Zotsatira zake zinatuluka mu 1987 ndipo zinaonetsa kuti makanda omwe anapatsidwa fentanyl, mankhwala amphamvu opha ululu, matupi awo sanadzidzimuke kwambiri, shuga sanakwere mosokonekera ndipo mavuto pambuyo pa opaleshoni anali ochepa kuyerekeza ndi anzawo. Chaka chomwecho bungwe la madokotala a ana la American Academy of Pediatrics linanena poyera kuti khanda liyenera kupatsidwa mankhwala ogonetsa ndi opha ululu ngati munthu wina aliyense. 1987 abale, si kale ayi, ena mwa owerenga anali atayamba kale sukulu.

Kenako mu 2015 gulu la Rebeccah Slater, ku Oxford komweko, linajambula ubongo wa makanda ndi wa akuluakulu ndi makina a MRI kwinaku akuwatosa kuphazi ndi kachipangizo kosabowola khungu. Pa zigawo 20 za ubongo zomwe zinagwira ntchito mwa akuluakulu akamva kuwawa, 18 zinagwiranso ntchito mwa makanda. Ndiye pa nkhani yakumvayo palibenso mtsutso. Ndipotu mwana wosakwana masiku ngati wanuyo mwina amamva koposa, chifukwa ife akuluakulu ubongo wathu uli ndi njira yotumizira uthenga wobwerera kumsana woti ululu uchepeko, pomwe mwa iyeyo njira imeneyo sinayambe kugwira bwino. Ndipo chidendene chikabayidwa mobwerezabwereza chimayamba kumva msanga, kungochipukuta ndi thonje mwana wayamba kale kukoka mwendo. Kusalirako kusakunamizeni, kulira kumafuna mphamvu ndipo iye alibe. Yang'anani pamphumi pakamakwinyika, maso akamafinyika, timizere tochoka pamphuno kupita kukamwa tikamazama, tizala tikamatambasuka, ndipo ngati ali pa makina muona mtima ukuthamanga okosijeni nkumatsika. Zii mwanenayo nthawi zambiri ndi kutopa.

Tsopano za ubongo. Miyezi itatu yomaliza ya mimba ndi nthawi yomwe ubongo umalumikiza mitsempha yake mwachangu kwambiri, ndiye wanuyo ntchito imeneyi akuipangira panja. Zili ngati njira ya kudambo, pomwe anthu akudutsa tsiku ndi tsiku mpomwe njira imakhazikika, pomwe sadutsa udzu umamera. Ku Vancouver ku Canada, Ruth Grunau ndi anzake akhala akutsatira ana obadwa msanga kwambiri kwa zaka zambiri, kuwerenga kuti khungu lawo linabowoledwa kangati ali ku nazale. Mu 2012 anasonyeza ndi zithunzi za MRI kuti omwe anabayidwa kwambiri zigawo zina za ubongo wawo zinkakhwima mochedwerapo, ndipo ana omwewo atawatsatira mpaka kusukulu kusiyana kwina kunkaonekabe pa kaganizidwe ndi khalidwe. Koma apa ndikupempheni mumve bwino, chifukwa nkhani zoterezi zikafika pa WhatsApp zimafika zitadulidwa. Mwana wobayidwa kwambiri ndi yemwenso amakhala kuti wadwala kwambiri, ndiye kusiyanitsa kuti ichi chabwera ndi singano ichi chabwera ndi matenda nkovuta, ofufuzawo anayesetsa koma sizingatheke kulekanitsa kotheratu. Chachiwiri izi ndi za gulu la ana, si chiweruzo cha mwana wanu. Ana ambirimbiri odutsa ku nazale amakula bwinobwino nkumakhoza mkalasi, ndipo a ku Vancouver omwewo anaonanso kuti momwe makolo amamusamalira mwana akatuluka, kumunyamula, kumuyankhula, kumutonthoza msanga, zimachepetsako mavutowo.

Ndipo musakane kuti azimuyeza. Shuga akatsika kwambiri mwa mwana wochepa chonchi ndiye amaononga ubongo zenizeni, zimenezo ndi zodziwika bwino kuposanso za singanozi. Nkhani ndi yoti kubayako kuzichitika mwanayo atatetezedwa. Vuto limeneli si la kwathu kokha, ku Paris, mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2008, anawerenga makanda 430 a m'mawodi a odwala kwambiri nkupeza kuti mwana ankakumana ndi zowawa pafupifupi ka 10 pa tsiku, ndipo pafupifupi 8 mwa 10 iliyonse zinkachitika popanda chochepetsa ululu chokonzera nthawiyo. Ku France kumene.

Chomwe mungachite inuyo ndi chachikulu kuposa momwe mukuganizira. Ngati anesi avomereza kuti mwana akhoza kutuluka pomwe wagonapo, muikeni pachifuwa khungu kukhungu, kangaru uja, kwa mphindi 10 kapena 15 asanamubaye, ndipo amubayire pachifuwa panu pomwepo kamwendo katatuluka kunsi kwa chitenje. Ngati wayamba kuyamwa ayamwe nthawi yomweyo, ngati sanayambe finyani mkaka pang'ono adonthezeredwe palilime. Ngati sangachotsedwe pakabedi, sambani m'manja, dzanja limodzi ligwire mutu mofatsa lina lipinde timiyendo ndi timanja kubwera pamimba ngati momwe ankakhalira m'mimba, osamusisita kapena kumugwedeza, kungomugwira nganganga mofewa mpaka atakhazikika. Zimenezi zinayesedwa m'makafukufuku ambiri ndipo zimachepetsa zizindikiro za ululu ndithu. Kangaru anayambira ku Bogotá ku Colombia mu 1978 chifukwa chosowa mainkyubeta, kwathu kuno anayambira pa chipatala chachikulu cha Zomba mu 1999, ndipo Queens ya ku Blantyre inali nawo mu kafukufuku wa mayiko asanu yemwe mu 2021 anasonyeza kuti kuyamba kangaru mwana atangobadwa, osadikira kuti akhale kaye bwino, kumachepetsa imfa za tiana tochepa kwambiri ndi pafupifupi 25 pa 100 iliyonse. Dziko lathu lino lipoti la 2012 linaliika pamwamba pa dziko lonse pa ana obadwa masiku asanakwane, 18 pa 100 aliwonse, ndiye luso limeneli anesi athu amalidziwa.

Chomwe chimavuta ndi choti nesi amakhala mmodzi ana mbwee, nthawi yodikira mphindi 15 alibe. Ndiye musadikire kuti akuuzeni, funsani mwaulemu m'mawa kuti kodi lero mumuyeza nthawi yanji kuti ndikhale nditamuika kale pachifuwa. Funsaninso adokotala akamazungulira ngati kuyeza katatu patsiku kukufunikabe, pena zimangopitirira chifukwa palibe anasintha zomwe zinalembedwa mu fayilo.

FUNSO: Moni adokotala, ndine Mmalawi ndimakhala ku Manchester. Mwana wanga wabadwa pa masabata 26 ali pa makina opumira ndipo amuika morphine wa mu dripi. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba ndiye morphine ndimamudziwa, timapatsa anthu oti atsala pang'ono kutisiya. Ndachita mantha. Kodi sazolowera ngati anthu a mankhwala ozunguza bongo? Nanga ubongo wake? Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, choyamba morphine, mankhwala amphamvu opha ululu, kwa khanda sakutanthauza kuti madokotala ataya mtima, chotsani zimenezo m'mutu. Koma funso lanu la ubongo ndi lenileni ndipo madokotala a makanda akhala akulimbana nalo zaka zoposa 20.

Zitadziwika kuti makanda amamva ululu, zipatala zambiri zinapita mbali inayo, mwana aliyense wa pa makina opumira kumuika morphine kapena midazolam, mankhwala ogonetsa, usiku ndi usana poganiza kuti zimuteteza ubongo. Ndiye anayesa. Kafukufuku wamkulu wotchedwa NEOPAIN yemwe anatuluka mu 2004 anatenga makanda 898 obadwa msanga ku America ndi ku Ulaya, ena morphine wa mu dripi ena madzi chabe oikamo ngati mankhwala. Morphine uja sanachepetse imfa kapena kukha magazi mu ubongo monga ankayembekezera, mmalo mwake ana ena BP inkatsika, ankachedwa kuchoka pa makina komanso matumbo ankachedwa kulandira mkaka. Midazolam ndiye anali ataonetsa kale nkhope yoipa mu kafukufuku wochepa wa 1999, ana omwe anamulandira anali ndi mavuto a mu ubongo ochulukirapo, ndipo lero madokotala ambiri amamupewa mwa ana ochepa chonchi. A ku Vancouver aja mu 2016 anapezanso kuti ana omwe analandira morphine wambiri kachigawo ka kunkhongo ka ubongo, komwe kamathandiza kuti thupi liziyenda mwadongosolo, kankakula mochepera. Koma mbali inayi a ku Netherlands anatsatira ana omwe anapatsidwa morphine wochepa ali makanda mpaka atafika zaka 8 ndi 9 ndipo sanapeze kuti nzeru zawo zinaonongeka. Ndiye zikuoneka kuti nkhani yagona pa kuchuluka kwake, kutalika kwa nthawi, ndi kuti mwanayo BP yake ili bwanji.

Ine momwe ndimaionera, morphine ndi wa ululu waukulu weniweni, pambuyo pa opaleshoni, matumbo akatupa ndi matenda, akamuika paipi pachifuwa, kapena mwana akulimbana ndi makina moti mpweya sukulowa bwino. Pamenepo kumumana ndi nkhanza ndipo ululu womwewo ndi woopsa ku ubongo. Koma kumuika chifukwa choti ali pa makina basi, zimenezo umboni sukuzivomereza. Chodabwitsa china, morphine wa mu dripi sathandiza kwenikweni pa ululu wa kubaya kuchidendene, ndiye ngakhale ali pa morphine manja anu akufunikabe. Ku Oxford, mu kafukufuku yemwe anatuluka mu 2018, anayesa morphine wakumwa kwa makanda oti ayezedwe maso, kafukufukuyo anaimitsidwa msanga atangoyesa ana 31 chifukwa omwe anamwa ankabanika kupuma ndipo phindu silinaoneke. Pomwe ku Rotterdam mu 2013 anapeza kuti kupereka paracetamol, panado uja, wa mu dripi pambuyo pa opaleshoni yaikulu kunachepetsa morphine wofunika ndi magawo awiri mwa atatu, mwana osamva ululu woonjezera.

Za kuzolowera, thupi limazoloweradi akalandira masiku ambiri, nchifukwa chake samasiyitsa kamodzi, amachepetsa pang'onopang'ono, apo ayi mwana amanjenjemera, kulira mosatonthozeka, kutsegula m'mimba. Koma kumeneko si kukhala chidakwa cha mankhwala, khanda silingakhale ndi chibaba chokasaka morphine, akamutsitsa bwino zimatha.

Kumeneko makolo amaloledwa kukhalapo madokotala akamazungulira ndiye funsani, musachite manyazi achimalawi aja omangoti zikomo adokotala. Akumupatsa chifukwa cha chani, ululu wake akuuyeza bwanji poti ali ndi mapepala owerengera zizindikiro, ndipo akuganiza zoyamba kuchepetsa liti.

FUNSO: Mwana wanga wamwamuna ali ndi miyezi iwiri ndipo wapezeka ndi heniya, akalira pachinena pamatupa. Akuti apite ku fiyeta. Ndiye ndinaona pa Facebook kuti mankhwala ogonetsa amapha ubongo wa ana mwana amadzakhala mbuli mkalasi. Ndikuganiza zodikira akule kaye afike zaka zitatu, mayi ake akukana. Tithandizeni. Bambo wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, apa mverani mayi a mwana. Za pa Facebook zo sizinangopekedwa, zili ndi pochokera, koma pochokera pake ndi makoswe. Mu 1999 ndi mu 2003 ofufuza anaonetsa kuti tiana ta makoswe tikagonetsedwa maola ambiri ndi mankhwala amenewa maselo ambiri a mu ubongo amafa ndipo tikakula timavutika kuphunzira, kenako zofanana zinaonekanso mwa anyani. Nchifukwa chake mu December 2016 bungwe loona za mankhwala ku America la FDA linachenjeza za kugonetsa ana osakwana zaka zitatu mobwerezabwereza kapena kwa maola oposa atatu. Zaka zitatu mukunenazo zachokera pamenepo. Koma chenjezo lomwelo linanenanso kuti opaleshoni yofunika isachedwetsedwe, mbali imeneyo ndi yomwe anthu sagawana.

Ndipo mwayi wanu ndi woti kafukufuku wabwino koposa pa nkhaniyi anapangidwa pa ana a vuto lomweli. Amatchedwa GAS, anatsogolera ndi Andrew Davidson wa ku Melbourne ku Australia, ndipo anatenga makanda 722 a heniya m'mayiko 7. Theka anagonetsedwa ndi mpweya wa sevoflurane kwa nthawi yosakwana ola limodzi, theka anabayidwa jakisoni wa pamsana wochititsa dzanzi kumunsi ali maso. Anawayeza ali ndi zaka ziwiri, zotsatira zinatuluka mu 2016, anawayezanso nzeru ali ndi zaka zisanu, zinatuluka mu 2019. Panalibe kusiyana. Kafukufuku wina wa ku America wotchedwa PANDA anayerekeza ana opangidwa opaleshoni ya heniya ndi abale awo a bere limodzi omwe sanagonetsedwepo, nzeru zinali chimodzimodzi. Pomwe funso lidakalipo ndi pa ana ogonetsedwa kangapo kapena maola ambiri, monga a matenda a mtima, koma amenewonso opaleshoniyo ndi yomwe imawapulumutsa.

Tsopano onani mbali ya kudikira. Chotupacho ndi thumbo lomwe likutsikira pa kabowo, ndipo mwa makanda ndi momwe limakonda kukanirira osabwereranso. Likakanirira magazi amasiya kufika, thumbo limayamba kufa, ngakhale tchende la mbali imeneyo likhoza kuonongeka, ndiye opaleshoni yomwe ikanakhala yaifupi yokonzekera bwino imasanduka yadzidzidzi pakati pa usiku mwana ali wofooka. Mukaona chotupa chalimba sichikubwerera, chafiira, mwana akusanza, mimba yatupa kapena akulira mosalekeza, musadikire tsiku lomwe anakupatsani, thamangani. Maopaleshoni a ana aang'ono chonchi amachitika m'zipatala zikuluzikulu, ku Blantyre kuli Mercy James Centre pa Queens yomwe inatsegulidwa mu 2017 ya maopaleshoni a ana okhaokha. Chomwe ogonetsa odwala amasamala nacho kwambiri pa msinkhu uwu ndi kapumidwe, makamaka ngati mwana anabadwa masiku asanakwane, pena amaiwala kupuma usiku woyamba, ndiye akanena kuti mugone konko musaumirire kubwerera kunyumba. Auzeni ngati anabadwa msanga, ngati ali ndi chifuwa kapena chimfine, ndipo za nthawi yosiya kuyamwitsa tsatirani ndendende zomwe akuuzeni, osamuyamwitsa mobisa chifukwa walira.

Poti ndinu bambo wa mwana wamwamuna ndionjezere ichi. Ku Toronto mu 1997 Anna Taddio anapeza kuti ana omwe anadulidwa ali makanda popanda chochititsa dzanzi ankalira ndi kukwinya nkhope kwambiri pa katemera patapita miyezi 4 mpaka 6 kuposa anzawo osadulidwa, ndipo omwe anapakidwa mankhwala a dzanzi anali pakatikati. Mwana sangakufotokozereni zomwe zinachitika koma thupi limakhala litasunga. Ndiye amene mukufuna mdulidwe wa khanda, ukhale wa kuchipatala ndipo funsani za jakisoni wa dzanzi asanayambe.

FUNSO: Ine ndine gogo, mdzukulu wanga akupita ku sikelo kukabayitsa katemera wa masabata 6. Anzanga akuti ndimumwetse panado tisananyamuke kuti asamve kuwawa, ena akuti madzi a shuga. Chabwino nchiti? Agogo a ku Mchinji

YANKHO: Agogo, pa ziwirizo palibe, chabwino ndi bere la mayi ake. Panado saletsa kuwawa kwa singano, zimenezo zinayesedwa ndipo sizinathandize. Komanso ku Czech Republic mu 2009 anapeza kuti ana omwe ankapatsidwa paracetamol, panado yemweyo, mwachizolowezi pa nthawi ya katemera chitetezo chomwe thupi linapanga chinali chocheperako, ndipo bungwe la WHO mu 2015 linati asamaperekedwe katemera asanabayidwe. Owerenga a ku UK musasokonezeke, kumeneko pa katemera wa MenB, woteteza ku matenda oumitsa khosi, anesi amakuuzani kuti mupereke akangobayidwa chifukwa amatenthetsa thupi kwambiri, tsatirani zimenezo. Kwathu kuno mwana akatentha thupi kapena mwendo ukamuwawa pambuyo pake, funsani azaumoyo pa sikelo pomwepo kuti mulingo wake ndi wotani, chifukwa umatengera kulemera kwa mwana ndipo mabotolo a panado wamadzi mphamvu zake zimasiyana. Zoswa piritsi la akuluakulu nkusungunula pa supuni ayi chonde, limenelo ndi 500mg, chiwindi cha mwana wa makilo anayi sichingapirire mukaphonya. Asipirini ndi bulufeni asayandikire khanda. Ndipo khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi popanda katemera, kapena likasiya kuyamwa, limenelo ndi la kuchipatala tsiku lomwelo, panado amangobisa matenda.

Za shuga anzanuwo anamvapo kanthu. M'zipatala zina amagwiritsadi ntchito madzi a shuga opangidwa mwaukhondo, a 24 peresenti, timadontho tochepa palilime mphindi ziwiri asanabaye, ndipo mwana amalira pang'ono. Koma ku London mu 2010 atayeza mafunde a mu ubongo anapeza kuti nkhope imakhala phee koma ubongo unalandirabe uthenga wa ululu chimodzimodzi, ndiye mpaka lero akatswiri amakangana ngati shuga amachotsadi ululu kapena amangotonthoza. Mulimonsemo amenewo ndi mankhwala a m'manja mwa nesi. Wosungunula kunyumba ndi madzi a pa mjigo mu kapu ya tiyi angomubweretsera kutsegula m'mimba, paja mpaka miyezi 6 ndi bere lokha. Uchi ndiye ayi mpaka atakwanitsa chaka, umatha kukhala ndi tizilombo tofoola thupi la khanda. Ndinenenso poti ndikuyankhula ndi agogo, mphini zomwe ena amatema khanda likamalira usiku kapena chifukwa cha liwombo, umenewonso ndi ululu womwewu, kuonjezapo lezala losadziwika komwe lachokera.

Ku sikeloko mayi akhale pansi, amufungatire mwana ntchafu ili poyera, ayambe kumuyamwitsa kamphindi jakisoni asanalowe ndipo apitirize mpaka atatha, satsamwa ayi, ndipo sadzadana nalo bere monga ena amanenera. Ngati tsiku lomwelo akutenganso magazi a kuchidendene, monga amachitira ndi ana obadwa kwa amayi omwe ali ndi HIV pa masabata 6, njira ndi yomweyo. A WHO amalangizanso kuti ayambe ndi katemera wodontheza mkamwa, wa rota uja amakhala wotsekemera ndiye amathandizako, kenako majakisoni, wowawa kwambiri nkukhala womaliza. Inu agogo ntchito yanu ndi kunyamula buku la sikelo ndi thumba kuti manja a mayi akhale pa mwana, ndipo mzere ukakhala wautali muwakumbutse kuti asamukhutitse kwambiri ali panja, afike pa mpando akadali ndi njala pang'ono kuti alandire bere.